Chisanu Chikadutsa

1. Mabulangete a matimati

Chaka chimenecho nyengo yozizira inabwera mwamanyazi. Juni anatha anthu a ku Chitungwiza, pafupi ndi Harare, akuyenda opanda majuzi. Julayi analowa ana akusambabe madzi a m'ndowa m'mawa osalira. Akuluakulu ankangoti, "Koma chaka chino!" n'kumapukusa mitu. Ambiri ankathokoza, poti magetsi ankabwera mwa apo ndi apo ndipo nkhuni zinali zosowa.

Mavuto enawo ndiye analibe manyazi. M'mashopu munali mbee, mashelefu okhaokha. Aphunzitsi anali atasiya choko, moti Hafsa, mtsikana wa Fomu 3 wa ku Unit L, anali atatha milungu isanu osaponda m'kalasi.

Musaganize kuti ankangokhala. Hafsa anali wamtali, wamanja olimba, wodzidalira mwina mopitirira pang'ono, ndipo mawu akuti "sindingathe" sankatuluka pakamwa pake. M'mawa ndi madzulo ankapezeka ku dimba la amalume ake, Che Ridhiwani, m'dambo la kumunsi kwa nyumba zomaliza.

Che Ridhiwani anachoka ku Mangochi ali mnyamata, n'kugwira ntchito ya m'maluwa m'mayadi a ku Harare zaka makumi anayi. Makutu anali atayamba kuwavuta, koma maso ankaona nsabwe ya pa tsamba ali chiimire. Chishona ankachimva koma sankachiyankhula. Hafsa naye Chichewa ankachimva koma ankayankha m'Chishona. Awiriwa akamacheza, aliyense ankayenda njira yake n'kukakumana kutsogolo.

M'dimbamo munali mabedi asanu ndi atatu a matimati. Chifukwa cha kufunda, matimatiwo anakula msanga ndipo anali atayamba kale maluwa. Banja lonse linkayang'ana pamenepo. Munthu wokhala ndi matimati pamene anzake alibe sankagona ndi njala, poti amayi ochokera kumidzi ankabwera ndi chimanga kudzasinthitsa. Mbewu ina panalibe. Ya m'botolo la amalume inathera m'mabedi omwewo.

Pofuna kuwateteza, Che Ridhiwani analuka zophimbira za udzu zomangidwa pa bango, bedi lililonse zake. Ankazitcha mabulangete. Madzulo ankazigoneka pa timitengo pamwamba pa mbewu, m'mawa dzuwa likakwera n'kuzichotsa.

Lolemba lina m'mawa, mkuluyu anafika ku dimba atavala mkanjo ndi kofiya, chikwama chili paphewa.

"Hafsa, tula ndowayo undimvere. Ine ndikupita ku Banket, ku sadaka ya mnzanga amene anatisiya. Mmene magalimoto akuvutiramu, tsiku lobwera sindingakulonjeze. Dimba lino ndasiyira iwe.

"Ukukuona kufundaku? Anthu akusangalala, ine ndikuopa. Chaka chozizira mbewu imakula pang'onopang'ono, imalimba khungu. Chaka chofunda chonchi mbewu imanyengeka. Imathamanga, imatulutsa maluwa nthawi isanakwane, thupi lonse madzi okhaokha. Ndiye usapusitsike. Chisanu sichinabwere, koma chikubwera."

Hafsa anagwedeza mutu. N'zoona, anatero mumtima, lero ndi Lolemba.

Apa ndiime kaye ndikuuzeni kanthu. Tsiku limene ife timati Lachisanu, m'Chishona amati Chishanu. Kuzizira kumene ife timati chisanu, iwo amati chando, ndipo chando ndiye mawu amene ankamveka kunyumba kwa a Hafsa, ngakhale pakamwa pa mayi ake. Choncho amalume ankanena za kuzizira, Hafsa n'kumamva za tsiku.

"Chaka china," anapitiriza Che Ridhiwani, "ndili pa yadi ina yaikulu, tinagona matimati ali obiriwira, kudzuka ali bii, ngati wina wawathira madzi owira. Chimabwera mwakachetechete. Ukaona madzulo mphepo yaleka, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe, utsi wa m'nyumba ukukwawa pansi m'malo mokwera, dziwa kuti chafika. Ndiponso chimatsetsereka. Chimachokera kumtunda n'kudzagona kuno kudambo, n'chifukwa chake mabedi akumunsi ndiwo amayamba kufa."

Mawu abwino onsewa anapita pachabe. Hafsa thupi linali pomwepo, koma maso anali pa mabulangete aja, akuwayeza kutalika ndi kufupika kwake.

"Ndiye mabulangetewa asachoke m'dimba muno mpaka chisanu chidutse. Wamva?"

"Kusvikira Chishanu chapfuura, sekuru?" anafunsa Hafsa, kutanthauza kuti mpaka Lachisanu litadutsa. M'Chishona malume ndi agogo aamuna onse amawaitana kuti sekuru.

"Eya, chisanu chikadutsa. Ukatero udzachite nawo zimene ukufuna. Ndipo ndakuuza kangati? Ine si sekuru, ndine malume ako."

Anasiyana onse ali okhutira, aliyense akuti mnzake wamumvetsa.

2. Khitchini ya m'kope

Nanga Hafsa ankawayezeranji mabulangete? Kuseri kwa nyumba yawo kunali simenti ya makona anayi. Pamenepo panali khitchini, koma inagwetsedwa zaka zitatu m'mbuyomo, nthawi ija nyumba zakuseri zinkaphwanyidwa ndi boma m'tauni monse. Makoma anapita, denga linapita, kunangotsala simentiyo ndi malata awiri opindika.

Magetsi atayamba kusowa, mayi ake a Hafsa, a Safia, anabwerera pa simentipo ndi mafuwa atatu. Ankaphika pamtetete. Mphepo inkabalalitsa moto, nkhuni za masiku awiri zinkatha tsiku limodzi, utsi n'kumawalondola kulikonse kumene akhala. Ankachokera ku Huruyadzo, kumene ankagulitsa ndiwo zamasamba, atatopa kale, n'kudzagwada pamenepo maso ali psuu, akutsokomola. Bambo ake a Hafsa anali ku Joni kofuna ntchito, ndiye woti amange panalibe. Zimenezi zinkamupweteka Hafsa kwambiri.

Kope lake la masamu linali litasanduka la mapulani. Anayeza simentiyo ndi mapazi, uku asanu ndi anayi, uku asanu ndi awiri. Anaona kuti mphepo imakonda kuchokera kum'mawa, ndiye khomo analiika kumadzulo. Malata awiri aja anawaika pakona ya moto kuti udzu usayake. Pamwamba pa mafuwa anasiya mpata wotulukira utsi. Kumanja kwa khomo anajambula thandala la mbale, kumanzere malo a ndowa, ndipo pakona ina analemba kuti "pokhala Amayi". Nsichi anali atazitola kale imodziimodzi, waya nayenso analipo. Chosowa chinali chotchingira makoma ndi denga basi.

Ndiye tangoganizani mmene anamvera, amalume atanena okha kuti adzachite nawo mabulangete zimene akufuna!

Pa kumvera, Hafsa anamvera, tisamunamizire. Lolemba anaphimba, Lachiwiri anaphimba, sanajombe ngakhale tsiku limodzi. Lachisanu lenilenilo anaphimbanso, ati tsikulo lidutse lonse lathunthu. Loweruka m'mawa mayi ake atangonyamuka, kunja kuli kofunda ngati masiku onse, anapita kukabwereka wilibala kwa Mai Nyaradzo.

Mai Nyaradzo anali mayi wamasiye, Mshona, wolera adzukulu atatu. Dimba lawo linali logundana ndi la Che Ridhiwani, ndipo munali mabedi anayi a matimati. Mbande anapatsidwa ndi Che Ridhiwani, kuluka zophimbira anawaphunzitsa ndi omwewo. Chilichonse chimene mkuluyo wanena pa za dimba, kwa iwo chinali lamulo.

"Wilibala m'mawa uno, ukusamuka kodi?" anafunsa m'Chishona uku akuseka.

"Ndikukatuta mabulangete. Sekuru anati Chishanu chikadutsa, ntchito yawo yatha."

"Ananena okha zimenezo?"

"Ndi pakamwa pawo. Ndinachita kuwafunsanso kuti nditsimikize."

"Aa, ngati anena ndi iwo, basi chando chaka chino kulibe. Wandithandiza mwanangu. Nkhuni zinandithera dzana, anawa sanadye chotentha. Bango ndi udzu wangawo ndiphikira nyemba lero."

Hafsa anakankha wilibala akuimba.

3. Mawu amodzi

Anatuta maulendo anayi. Anakumba maenje m'mbali mwa simenti, anaimika nsichi, anamanga mitanda ndi waya. Zala zinatuluka matuza koma iye osalabadira. Mabulangete asanu anakhala makoma, atatu anakhala denga, ndipo anakwana ndendende ngati amalume anawalukira ntchito yomweyo.

Dzuwa likupendeka, khitchini inali itaima. Anasesa, anaika mafuwa pakona ya malata, n'kukoleza moto ndi tinkhuni titatu. Lawi linaima njo, utsi n'kutulukira pa mpata wake. Hafsa anaomba m'manja yekhayekha.

A Safia anafika ndi dengu pamutu. Atazungulira kuseri anaima, pakamwa pali yasa.

"Hafsa! Wamanga ndani?"

"Ndini," anayankha m'Chishona, akudzimenya pachifuwa. "Lowani, Amayi. Mpando wanu ndi uwo."

Mayiwo anatula dengu, analowa mowerama, anakhala pa kampando ka pakona. Anayang'ana denga, anayang'ana moto, misozi n'kulengeza m'maso. "Zaka zitatu," anatero chapansipansi. "Mulungu akudalitse mwana wanga. Lero ndiphika ngati munthu."

Anatambasula dzanja kusisita khoma. Chala chinakhudza mfundo ya chingwe cha buluu, yomangidwa kawiri, mamangidwe amene ankawadziwa kuyambira ali mwana. Dzanjalo linaima.

"Udzu uwu wautenga kuti?"

"Ku dimba. Sekuru anandipatsa."

"Achimwene? Akupatse mabulangete mu Julayi? Tandiuza mawu awo enieni, mmene anatulukira pakamwa."

Hafsa anawabwereza mosadodoma, m'Chichewa chomveka bwino. "Anati asachoke m'dimba mpaka chisanu chidutse. Ndiye chadutsa dzulo."

"Chadutsa dzulo n'chiyani?"

"Chishanu, Amayi. Lero si Loweruka?"

A Safia anagwira m'mutu ndi manja awiri. "Mayo ine! Chisanu, mwanawe, ndi chando! Kuzizira! Tsiku lija ndi Lachisanu, limayamba ndi la. Ndipo amalume ako unawamvapo liti akulitcha choncho? Iwo tsiku la kumzikiti amati Juma, chibadwire chako wakhala ukumva zimenezo!"

Manyazi anamugwira Hafsa mpaka m'makutu munatentha.

"Khala pansi undimve," anatero mayi ake. "Chishona sichinalakwe. N'chinenero chabwino, tonse tikudyera chomwecho, ndipo nanenso ndili ndi mlandu poti m'nyumba muno ndimangoti chando, chando. Vuto lako ndi lina. Ukamva theka la mawu, theka linalo umadzaza wekha, ndipo umadzaza ndi zimene mtima wako ukufuna. Unkafuna udzu, ndiye makutu anakupatsa udzu. Munthu wamkulu akakusiyira ntchito n'kunena chinthu chodabwitsa, usamathamange. Udzifunse kuti kodi mlimi wa zaka makumi anayi angapangane tsiku ndi nyengo? Sabata yonseyi takhala tikudyera mbale imodzi, unalephera chiyani kundifunsa? Unkafuna kundidabwitsa. Chabwino, wandidabwitsa."

Atatero anatuluka panja n'kuyang'ana kumwamba. Anakula akumva machenjezo a achimwene awo, ndipo zizindikiro ankazidziwa. Masamba a mtengo wa mapeyala anali zii, osagwedera. Kumwamba kunali mbee. Utsi wa kwa aneba unkatuluka pa mpanda n'kumakwawa pansi mumsewu.

"Lero lomwe," anatero a Safia. "Masiku onsewa, chasankha lero."

Hafsa anamva kuzizira kukumunyambita mu akakolo.

4. Mabedi khumi ndi awiri

Sanalire. Analowa m'khitchini, anazimitsa moto ndi madzi, anatenga pulayala n'kudula waya woyamba wa denga.

A Safia anamuyang'ana mwachisoni. "Mwina tingochotsa denga ndi khoma limodzi, enawo tiphimbe ndi masaka?"

"Ayi, Amayi, zonse zibwerere. Ndipo sizikwana. Mai Nyaradzo ndinawauza zomwezi m'mawa."

"Nawonso? Kalanga ine!"

"Inu pitirizani kumasula. Ine ndikukawauza."

"Ndipite ndine, mwina munthu wamkulu angamumvere bwino."

"Pakamwa pamene pananama ndi panga. Ndipita ndekha."

Anawapeza Mai Nyaradzo akugawira adzukulu nyemba. Pambali pa mafuwa panali mulu wa phulusa loyera ndi timabango titatu totsala. Hafsa anagwada pakhomo n'kufotokoza zonse m'Chishona, osachotsera, osawonjezera.

Chipande chinagwa m'manja mwa mayiwo. "Ndawotcha zonse! Unanena kuti ndi pakamwa pawo, iwe mwana!"

"Pakamwa pawo panalibe cholakwa. Cholakwa chinali m'makutu mwanga. Pepani, Mai."

"Pepani aphimba matimati? Ana awa adzadya pepani?"

"Ayi. Koma dzuwa likadalipo. Tengani chilichonse chimene chingaphimbe, tikakumane ku dimba."

Ntchito imene inagwiridwa madzulo amenewo, abale inu! Khitchini imene inatenga tsiku lonse kumanga inatha pa theka la ola. Wilibala inalira njira yonse ya kudambo, kupita n'kubwera. Mabulangete asanu ndi atatu anabwerera pa mabedi awo. Kenako anatembenukira kwa Mai Nyaradzo ndi zimene anatola m'nyumba ziwiri: malata awiri aja, masaka ong'ambika, makatani a pabalaza, mkeka wakale, makatoni. Zofunda zenizeni sakanatenga, poti anthu nawo amafa ndi chisanu.

Anayala, analumikiza, anatsindira ndi miyala. Zonsezo zinakwana mabedi awiri okha. Awiri a Mai Nyaradzo, akumunsi kwenikweni pafupi ndi madzi, anatsala osaphimbidwa. Dzuwa linali litafiira, ndipo mpweya wa pakamwa unali utayamba kuoneka.

Mai Nyaradzo anaima, manja ali m'khwapa. Sanapemphe kanthu.

Hafsa anayang'ana mabedi awiriwo, anayang'ana a amalume ake. Kenako anafunsa, "Amayi, kuzizira kumayambira kuti, kumtunda kapena kumunsi?"

"Kumunsi. Bwanji?"

Hafsa anakwera mpaka pa mabedi awiri akumtunda a Che Ridhiwani, n'kugwira bulangete loyamba.

"Hafsa, ima!" anakuwa mayi ake. "Ganiza bwino. Mabedi awiri amenewo ndi ufa wa mwezi wathunthu m'nyumba mwathu. Bambo ako sitikudziwa adzabwera liti. Achimwene mbewu imeneyi anaisunga zaka, anaithirira ndi msana wowawa, ndipo ina alibe. Kukhala kumtunda si chitetezo, chisanu chikakula chimafika paliponse. Akadzabwera adzafunsa iwe, osati ine, ndipo ine sindidzakuyankhira. Ndikukuuziratu."

"Ndamva, Amayi, ndipo ulendo uno ndamva zonse. Dimba anasiyira ine. Ife tikataya awiri titsala ndi asanu ndi limodzi. Iwo akataya awiri atsala ndi awiri, pamene sanalakwe kanthu. Gwirani uko."

A Safia anawerama n'kugwira mbali inayo ya bulangete.

Anamaliza dzuwa litangolowa. Kunyumba a Safia anasonkhanso moto pa simenti yopanda kanthu, pakati pa nsichi zoima zokhazokha, utsi n'kuyambanso kuwalondola.

5. Kwacha

Hafsa anatuluka kutangoyera. Udzu wa m'mbali mwa msewu unali woyera mbuu, ukulira tswatswa pansi pa nsapato. Madzi a m'beseni la panja anali atagwira kakhungu pamwamba. Anatsikira kudambo zala zili m'kamwa.

Mabedi awiri akumtunda poyamba ankaoneka ngati ali bwino, masamba ataima gwa. Dzuwa litawagunda anayamba kulefuka, ndipo pasanathe ola anali atagona pansi, ali bii. Hafsa anaima pomwepo n'kuonerera mpaka mapeto. Zinamuwawa koopsa.

Kutafunda anayamba kuvundukula enawo. Bedi loyamba lobiriwira, lachiwiri lobiriwira. Apo ndi apo nsonga zinali zitapserera, koma maluwa analipo. Kwa Mai Nyaradzo onse anayi anali amoyo, kupatula mitengo itatu pamene katoni inasendekera. M'madimba ena a m'dambomo munkamveka anthu akudandaula.

Akukoka bulangete lomaliza, anamva kutsokomola kumbuyo. Che Ridhiwani anali ataima pa chipata, chikwama chikadali paphewa, mkanjo uli fumbi lokhalokha. Anali atangotsika lole ku Unit G, ndipo ataona udzu woyera sanadzere n'kunyumba komwe.

Sanapereke moni. Anayenda bedi ndi bedi, manja kumbuyo. Anaima pa mabedi akuda aja nthawi yaitali. Kenako anaponya maso kutsidya kwa mpanda n'kuona mabulangete awo awiri, a zingwe za buluu, ali m'dimba la eni.

"Ndikumva," anatero.

Hafsa anafotokoza kuyambira pa Lolemba. Ananena za Chishanu, za khitchini, za nyemba za Mai Nyaradzo, ndi za mabedi awiri. Anakweza mawu kuti amalume amve bwino, ndipo sanabise kalikonse.

"Lachisanu!" anatero mkuluyo. "Ine Ridhiwani ndipangane ndi chisanu kuti udutse tsiku lakuti? Ndine ndani ine?" Anapukusa mutu. "Zula yakufayo. Wekha, ndi manja."

Hafsa anagwada n'kuyamba kuzula. Mitengoyo inali yoterera, yonunkha ngati ndiwo zogona. Che Ridhiwani anakhala pa ndowa yovundikira n'kumamuyang'ana.

"Mabedi awiriwa sindikukhululukira lero, mwina mawa. Uzule, uone mizu mmene inalili yabwino, kuti udziwe chimene wataya. Za mabulangete amene wapereka kutsidyako sindinena kanthu. Ukanawasiya amayi aja pamtunda, bwenzi pano ndikuyankhula zina, ndipo sukanazikonda. Khitchini yakoyo udzaimanganso mu Seputembala. Ndati Seputembala, mwezi, osati tsiku.

"Tsopano tamvera, ndipo kuyambira lero chilichonse chimene ndanena uzindibwezera m'Chichewa, ndimve chimene wamva. Nanenso makutu angawa andinamiza, ndinavomera chinthu chimene sindinachimve. Tilibe nthawi yoti tizilakwitsana. Ku sadaka kuja ndakumana ndi anzanga a kwathu. Apeza lole yopita ku Mangochi kumapeto kwa Ogasiti, ndipo ine ndalembetsa dzina. Ndakalamba, Hafsa, ndikufuna ndikafere kwathu. Matimati awa adzafiira ine kulibe. Kuthirira, kutengulira, kusinthitsa, kusunga mbewu ya chaka chamawa, zonse zikhala m'manja mwako. Tandibwezera."

Hafsa anatsala atagwira mtengo wakufa m'manja.

"Mwati mukupita ku Malawi," anatero pang'onopang'ono. "Mwati simudzabweranso."

"Wamva bwino."

"Amayi akudziwa?"

"Sakudziwa. Kuno mbale wawo ndine ndekha, ndipo njira yonse ndakhala ndikusowa poyambira. Iwe ndaona kuti zowawa umatha kuzinena. Ukhale pafupi."

Hafsa anatembenuka. M'kanjira kochokera kumtunda, mayi ake ankatsika ndi ketulo ya tiyi ndi makapu atatu. Anali ataona kale kubiriwira kwa mabedi ali patali, anali ataonanso kofiya ya achimwene awo, ndipo ankabwera akuseka.